Uthenga wa Amina umene sindinafikitse

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 pasukulu ina kufupi ndi Mtunthama. M'kalasi mwathu munali atsikana awiri otchuka. Esinati anali mwana wa mlimi wamkulu wa fodya, pamene bambo ake a Amina anali ndi golosale pamsika. Ubwenzi wawo unali wa ponda apa nane mpondepo, mpaka tsiku limene anakangana pamasewera a mpira wa ntchemberembaye. Anasiya kulankhulana, kalasi yonse n'kugawikana pawiri.

Ine ndinali mwana wa tenanti pamunda wa bambo ake a Esinati, ndipo panalibe amene ankandiwerengera. Koma popeza ndinkayenda njira imodzi ndi Esinati, pabenchi n'kumakhala ndi Amina, onse awiri anayamba kundituma mauthenga.

Zinthu zinasintha msanga. Amina ankandipatsa masiwiti, Esinati ankandikweza panjinga yake. Ana ena akayambana ankati, "Tiyeni kwa Chikondi akatiweruze." Ngakhale aphunzitsi anandisankha kukhala monitala, amvekere ndine wobweretsa mtendere.

Tsiku lina Amina anandiitanira kuseri kwa kalasi, maso ali pansi. "Ukamuuze Esinati kuti wolakwa ndinali ine. Ndamusowa."

Ndinayenda ndi Esinati njira yonse ndikulingalira. Awiriwa akagwirizana, ine ndidzakhala ndani? Tikuyandikira kwathu, ndinamuuza Esinati kuti Amina wati sakufunanso kumuona. Misozi inalengeza m'maso mwake, ine n'kumutonthoza.

Patatha masabata atatu, Loweruka m'mawa, ndinali m'chigafa ndi amayi tikusoka fodya, zala zili bii ndi utomoni wa masamba. Nditadzutsa mutu ndinaona Esinati ndi Amina akubwera limodzi. Amina anali atatopa kudikira yankho, ndiye anapita yekha kwa mnzake.

"Chikondi, uthenga wanga uja unakautaya kuti?" anafunsa Amina.

Amayi anamva nkhani yonse singano ili m'manja. Sanandimenye. Atsikanawo atachoka anangoti, "Anzako anakukhulupirira pamene sankatha kuyang'anana. Iwe unawadyera masuku pamutu." Anapitiriza kusoka, ndipo mpaka dzuwa kupendeka sanandiyang'anenso.

Lolemba ndinakapepesa. Esinati anandikhululukira patapita nthawi, koma Amina anasamukira pabenchi ina mpaka tinamaliza sukulu.

Lero ndikamva pawailesi kuti dziko lakutilakuti likuyanjanitsa maiko omwe ali pankhondo, ndipo atsogoleri a maiko ena ayamba kulipatsa ulemu, sindidabwa. Woima pakati amakula, chifukwa mbali zonse zimamufuna ndipo zimamuuza zakukhosi. Mphamvu imeneyo payokha si yoipa. Koma ndimafunitsitsa kudziwa chimene mkhalapakati wotere amachita tsiku limene mbali imodzi yamutuma kuti akapepese. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri zokha, nkhondo yake inali ya mpira, komabe ndinasankha kuti isathe.