Mwala umene amayi ankakhalapo

Mwaswera bwanji nonse abale.

Lero ndinapita kumaliro a aphunzitsi athu akale ku tchalitchi cha miyala chija kumudzi. Masitepe aja andikanika. Nditangokwera atatu bondo linakana, ndiye ndinabwerera n'kukhala pa mwala wapansi, uja unaperepeseka pakati ngati mbale.

Pamenepo ndinapeza a Nabanda, anzawo a malemu amayi. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwakhala pamalo pa amayi anu."

Mukukumbuka zaka za referendamu zija, miyendo itayamba kuwavuta amayi? Ine ndinkawasiya pamwala umenewu n'kuthamangira kukwaya, Misa ikatha n'kupitirira kumisonkhano ya chipani. Iwo ankangoti, "Kwera mwanawe, kuno ndikumva bwinobwino."

Nditawakumbutsa a Nabanda mawu amenewa, anapukusa mutu. "Tatcherani khutu nokha," anatero.

Ndinatchera. Abale anga, sipamveka kanthu, koma mphepo ya kuphiri basi. Zaka zinayi amayi ankabwera Lamulungu lililonse, n'kukhala panja ngakhale m'chisanu cha Juni, osamva ulaliki kapena nyimbo. Tinalipo anyamata atatu amphamvu, koma palibe anaganiza zowanyamula. A Nabanda akuti amayi ankawaletsa kutiuza, poopa kuti tingachite manyazi kubereka nkhalamba pamaso pa anzathu.

Ndalira kuposa ofedwa.

Achimwene a Lusiyano, inu ndinu mmisiri womanga. Kodi pambali pa masitepewa sitingakonze njira yotsetsereka osagumula miyala yakaleyo? A Nabanda nawonso masitepewa amawakanika, akupempherabe panja mpaka pano. Ine ndimati tikaonane ndi abambo mfumu Loweruka, kaya enanu mukuti bwanji?