Supuni ya Soda ya Amai

Amai anga ankakazinga zitumbuwa za nthochi pa Nyimba, pamene amaima mabasi a ku Chipata. Anayamba ine ndisanabadwe. Muyezo wawo unali supuni imodzi yokha, yopindika khosi, yodyeka mbali imodzi chifukwa chokokota mapoto. Ufa ankapima ndi maso, nthochi ndi mphuno, koma mchere ndi soda zinkadutsa pa supuniyo. Ana tinkaletsedwa kudyera phala. Mlongo wanga anadyerapo kamodzi, ndipo mpaka lero amakumbukira khutu limene anamugwira.

Chaka chimene ndinabwerera kwathu kuchokera ku Petauke, ukwati utatha, ndinapeza dzanja la amai likunjenjemera. Aliyense ankaliona, kupatula mwini wake. Tiyi akatayika ankati makapu a masiku ano ndi oterera. Tsiku lina chiwaya cha saladi, mafuta okazingira, ali wowira chinapendekeka pa mbaula, n'kuwawotcha mkono wamanzere kuyambira pachigongono kutsika. Ku kiliniki anawamanga bala n'kuwauza kuti za pamoto asiye. Amai anayankha kuti zikomo kwambiri, ndipo ine ndinadziwa kuti sanamve kanthu.

Tili m'njira anandiuza maganizo awo. "Uzikazinga ndiwe mpaka bala lipole. Zako zikafanana ndi zanga, chiwaya ndakusiyila. Zikapanda kufanana ndibwelela pa mbaula, ndipo palibe wondiletsa."

Balalo ndinali nditaliona asanalimange. Akanati abwererenso pa mafuta aja ndi dzanja limenelo, ulendo wina sukanakhala mkono wokha.

Ndiye ndinayamba. Amai ankakhala pampando pakhomo la khitchini, mkono uli m'nsalu, akulamula ngati kondakitala. Nthochi zakupsa kwambiri, zokanya ndi manja. Ufa wa mgaiwa. Mchere supuni yosadzaza. Soda supuni yodzaza mpaka kuchita phiri, ndipo phirilo likachepa ankakuwa, "Dzaza iwe! Soda wagula ndiwe?" Ndinachita zonse ndendende. Zitumbuwa zinatuluka zofiira ngati njerwa, zonunkha soda, zowawa kukhosi. Dalaivala wina, kasitomala wa amai wakalekale, analuma kamodzi n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Agogo sali bwino, eti?" Chotsalacho anaponyera galu. Galuyo ananunkhiza n'kupita kukagona pansi pa basi.

"Manja ako ndi owawa," anatero amai nditafika ndi beseni lobwerera. "N'chifukwa chake mwamuna uja anathawa."

Ine ndine wamtima wapachala, ndipo ndinatengera kwa iwo omwewo. Ndinawauza kuti mwamunayo anathawa ndi miyendo yake, ine sindinamudyetsepo soda. Aa, pamenepo ndiye ndinaputa mavu. Tinakhala masiku angapo tikulankhulana kudzera mwa nkhuku za pabwalo, koma kukazinga sikunaime.

Mayi wina mphunzitsi, wochokera ku Kitwe, amene ankachita lendi nyumba yoyandikana nafe, anatimvera chisoni. Anabwera ndi kasikelo ka batire kamene ankapimira zophikira makeke. Anati vuto la supuni n'lakuti lero imadzaza mwina, mawa mwina, pamene sikelo sinama. Amai anavomera, bola soda atungidwe ndi supuni yawo asanakwere pamenepo. Tinapima phiri lija, nambala inaoneka, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathira soda wofika pa nambalayo. Sikeloyo inagwiradi ntchito yake. Zitumbuwa zinkawawa mofanana tsiku lililonse.

Bala linayamba kuuma. Amai anayamba kumasula nsalu okha, kupinda zala, maso ali pa mbaula. Ine mantha anandigwira, sindibisa. Tsiku lina m'mawa analengeza kuti, "Lelo ndikazinga ndekha. Makasitomala anga atha." Ndinagwada, ine amene sindigwada wamba, n'kuwapempha kuti angosakaniza iwo ine ndikuona, koma pa mafuta ndikhale ine. Anavomera monyinyirika.

Anatenga supuni yawo n'kutunga soda m'chitini, phiri lenileni ngati langa lija. Chitini chinkakhala pa shelefu, beseni pansi pamphasa. Supuni inauyamba ulendo. Njira yonse inkagwedera, soda akuwazika pa chitenje chawo, pamphasa, pa phazi langa. Pofika pa beseni phiri lija linali litatsala mwina theka. Anathira n'kunena kuti, "Waona? Supuni yodzaza. Chovuta n'chiyani?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Kani dzanja likamawonjezera kunjenjemera, iwo ankawonjezera kutunga, pang'onopang'ono, mpaka anakhulupirira kuti muyezo wawo unali phiri chiyambire. Zitumbuwa za tsiku limenelo zinatha basi yachiwiri isanafike. Amai anati kukazinga ndikudziwa, chatsala ndi nzeru zosakanizira, ndipo akundipatsa mailo lokha, tsiku lotsatiralo basi.

Kuwauza zoona sindikanatha. Ndikanangotchula za dzanja, akanapita pa mbaula nthawi yomweyo kukanditsimikizira kuti ndi bodza. Kutunga theka sindikanathanso, chifukwa maso awo, mosiyana ndi dzanja, analibe vuto. Choncho m'mawa mwake ndinabweza sikelo kwa aphunzitsi, ndinatunga phiri lonse, ndipo pochoka pa shelefu kupita pa beseni ndinayamba kugwedeza dzanja pang'ono, nkhope ili ya kutchalitchi.

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikupima soda, amai."

"Ukundiseka, iwe mwana?"

"Iyayi, amai."

"Tunganso. Ugwile supuni ngati munthu."

Ndinatunganso. Anadzuka pampando, anabwera kumbuyo kwanga, n'kundigwira pamkono ndi dzanja lawo lamanja kuti andilimbitse. Ine ndinaleka dzanja langa lili lolobodoka. Tinanyamuka limodzi. Supuni inagwedera njira yonse, ndipo tonse awiri tinkamuona soda akugwa pamphasa. Ine sindinali kugwedeza, ndipo iwo ankadziwa kuti sindikugwedeza. Tinathira theka lotsalalo m'beseni. Sanandisiye msanga. Ndinkamva dzanja lawo likunjenjemera pa khungu langa, lopepuka kuposa mmene ndinkalikumbukira pa makutu athu. Misozi inalengeza m'maso mwanga, koma ndinaopa kuti ingawonjezere mchere.

Ndinakanya, ndinakazinga. Choyamba kuvuula ndinawapatsa pa mbale. Anachinyema, anachinunkhiza, anadya chonse mpaka nyenyeswa. Kenako ananyamula mpando wawo, umene unakhala pakhomo la khitchini masiku onsewo, n'kukauika kutali pansi pa mtengo wa mango. Anabwereranso, anapukuta supuni ija ndi chitenje, n'kundiikira m'manja.

"Chiwaya ndi chako," anatero, maso ali pamphasa. "Koma usese apa msanga, anthu asaone."