Kapulana ya amayi pakhomo la chimbudzi

Masewera aja a pa kompyuta, omwe umamanga nyumba n'kumaweta tianthu todya, togona ndi tokwatirana, ndinawadziwa ndikugwira ntchito mu ofesi ku Ulongwe. Chimene chinkandinyansa n'choti katundu yense m'menemo anali wachilendo: masofa, mabafa onyezimira, makeke. Kamunthu kanga kanali kasanalaweko ngakhale mbatata ya kachewere. Ndiye ndinaphunzira kupanga zanga, mbaula, lichero, thumba la mbatata lomangidwa panjinga monga amachitira alimi a ku Kalomwe. Ndinkaziika pa intaneti kuti wofuna atenge ulere.

Kenako ndinapanga kapulana ya malemu amayi, nsalu ija ena amati chitenje. Inali yobiriwira, ya timasamba tachikasu, ndipo ndi imene anandiberekera pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Pogawa zovala maliro atatha, akulu anga ankaifuna, koma azakhali anaipereka kwa ine poti ndine ndinagonamo. Ndinaiyanika padzuwa, n'kuijambula ndi foni, n'kukonza mitundu mpaka chigamba cha m'mphepete chinaoneka bwinobwino. M'maseweramo ndinaipanga yovala m'chiuno, monga ankavalira eni ake.

Sipanapite nthawi, munthu wina wakutali, yemwe sindimudziwa n'komwe, anaitenga n'kuisandutsa chopondapo mapazi. Anthu anaikonda kuposa yanga ija. Zithunzi zinayamba kubwera, eni ake akunyadira: kapulana ya amayi pakhomo la chimbudzi, kwina galu atagonapo, kwina kamunthu kochokera kosamba kakudonthezera madzi pachigamba penipeni. Ndinamulembera munthuyo kuti nsaluyo ndi ya mayi anga omwe anamwalira, ndipo kwathu chovala cha malemu sitiponda. Anayankha mwansangala, ndi timitima tofiira, kuti nkhaniyo yamukhudza kwambiri ndipo aiika m'munsi mwa chithunzi kuti otenga achuluke. Munthu wopanda manyazi, anaiikadi.

Akulu anga atabwera kudzacheza kuchokera ku Domwe, ndinawaonetsa, poti sindikanatha kuzisenza ndekha. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka panja kukalavula.

"Ichotsemo," anatero atabwerako.

Ndinawauza kuti yanga ndinafufuta kale, koma inayo ili m'makompyuta a anthu ambirimbiri, ndipo palibe njira yoitulutsira.

"Ndiye amayi aziwaponda mpaka liti?"

Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangotsegula bokosi langa la zovala, anatulutsa kapulanayo, n'kuipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama chawo. Pokwera shapa, minibasi yobwerera kwawo, anandiuza kuti ndikafuna kuiona ndizipita ku Domwe, koma foni ndiziisiya.