Mabotolo Ofiira pa Maliro a Abambo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngakhale kunena kuti ndinadzuka n'kunama, chifukwa tulo sindinatione. Ndinagona pamphasa m'nyumba ya siwa, pafupi ndi bokosi la abambo. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatopa, ena akusinza atatsamira khoma. Ine mtima unali pa foni. Ndinali nditalemba uthenga katatu kwa mayi wofufuza wa ku Blantyre kuti asayerekeze kubwera kumaliro, ndipo katatu konseko uthengawo unakana kupita.

Abambo anali odziwa zitsamba kuno kwa Maseya. Sankaombeza. Ntchito yawo inali ya mizu ndi makungwa, makamaka mankhwala a zilonda zosapola ndi a amayi osowa mphatso ya mwana. Zaka zitatu m'mbuyomo kunabwera mayi ameneyu kuchokera ku sukulu ya zachipatala, kudzapempha kuti akayeze mankhwalawo. Ankafuna kudziwa ngati amaphadi tizilombo toyambitsa mafinya, komanso ngati amasintha mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timayendetsa za kubereka. Amene ndinanyengerera abambo kuti avomere ndine. Ndine ndinkamasulira, ndinenso ndinkaitana amayi amene ankamwa mankhwalawo kuti apereke timagazi pang'ono. Magaziwo ankapita ku Blantyre m'kabokosi kabuluu kozizira, ndipo m'mudzi muno palibe amene sanakaonepo. Abambo ankamuseka mayiyo, kumutcha Namabotolo, ndipo pomupatsa khungwa lililonse ankanena kuti, "Ndakubwerekani, sindinakupatseni."

Chaka chimene abambo anamwalira mphekesera za opopa magazi zinali ponseponse m'chigwa muno. Abambo anadwala masabata awiri okha, ndipo kuchipatala anati magazi achepa. Mawu amenewo achimwene anga aakulu, a Zuze, anawatola n'kuwasunga. Dzulo lake la tsiku loika maliro anandiuza pamaso pa anthu kuti magazi a munthu sachepa okha, ndipo wobweretsa mlendo ndiye amadziwa kumene apita. Anyamata amene anali nawo anangogwedeza mitu. Ndinachita mantha kuposa mmene ndinalili ndi chisoni, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Kutayamba kuyera adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anayala mafuwa m'mizere n'kukoleza moto, utsi n'kumayenda pansipansi chifukwa kunalibe ngakhale kamphepo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa la kwathu silidikira kuti munthu asambe kaye. Pofika eyiti koloko aliyense anali akusaka mthunzi. Anthu anabwera pa njinga, pa ngolo, ena wapansi kuchokera kutsidya. Achibale a ku Bangula anatsika minibasi kumsewu waukulu n'kuyamba kulira ali patali. Ndinaona amayi ambiri obereka ana kumbuyo, ena osawadziwa n'komwe, ndipo ndinazindikira kuti anawo ndi amene anawabweretsa. Ine ndinkalandira alendo, koma maso anga sankachoka kunjira.

Galimoto loyera linatulukira cha m'ma teni, likutsogozedwa ndi fumbi. Kwaya inali pakati pa nyimbo, ndipo nyimboyo inayamba kuthothoka mawu mmodzimmodzi mpaka kutha. Mayi uja anatsika atavala bwinobwino chitenje ndi duku, monga munthu woleredwa. Akanangobwera chimanjamanja mwina zikanatha ndi kung'ung'udza. Koma anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa kabokosi kabuluu kaja, n'kukakumbatira pachifuwa ngati mwana. Munthu wophunzira chotero, koma sanaganize kuti anthu aona chiyani.

Asanayende mapazi khumi anyamata anali atamuzungulira. Dalaivala anadzitsekera m'galimoto. Ine ndinathamanga n'kuima pambali pake, ndipo achimwene anafika pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Sanamupatse moni. Anangoti, "Tsegulani."

Mayiyo anagwada. Anati wabwera kudzabweza zimene anabwereka, chifukwa mwini wake ananena kuti sanamupatse. Anatsegula. Munali timabotolo tating'ono tondandalikidwa, tolembedwa dzina la abambo, ndipo tonse tinali todzaza ndi madzi ofiira.

Phokoso limene linabuka sindidzaliiwala. Wina anakuwa kuti magazi, ndipo mawuwo anayenda mpaka kwa ophika kuseri. Mwala unagunda chitseko cha galimoto. Ndinaona dzanja likutola chikuni pamoto. Ndinakuwa kuti ndi makungwa owiritsa chabe, koma ndani akanamva ine, amene ndinali kale pamlandu womwewo? Mbusa anakweza Baibulo m'mwamba, palibe amene anamuyang'ana. Mayiyo anagwira chitenje changa mwamphamvu mpaka chinatsala pang'ono kumasuka. Ndinadziwa kuti mwala wachiwiri sulunjikanso pa galimoto.

Kwathu namfedwa satuluka m'siwa bokosi lisanatuluke. Choncho amayi anga atatulukira pakhomo, opanda nsapato, popanda wowagwira, amene anali pafupi anapatuka okha. Anayenda mpaka pakati pathu, n'kuwerama, n'kutola botolo limodzi. Analitsegula ndi mano. Mayi wa ku Blantyre ananong'ona kuti, "Mayi, musamwe, zakhalitsa." Amayi sanamuyang'ane. Anamwa pang'ono, n'kuvumata, n'kumeza.

"Nkhabe, si magazi awa," anatero. "Ndi mlombwa. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwiritsa khungwa limeneli. Iwe Zuze, chilonda chako cha pamwendo chija tinkatsukira chiyani?"

Achimwene anayang'ana pansi. Palibe wa kuno amene sadziwa kuti mlombwa ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati wa nyama yozingidwa. Mayi wina wobereka khanda anabwera n'kununkhiza botolo, n'kuvomereza kuti fungo lake ndi lomwelo. Chikuni chija chinabwerera pamoto. Kwaya inayambiranso nyimbo, koma poyamba inkaimbidwa ndi anthu atatu okha.

Mwambo wa mapemphero sindinaumve ngakhale pang'ono. Tinanyamuka kupita kumanda dzuwa lili pamutu, mchenga ukuwotcha kumapazi. Amuna ankalandizana bokosi, ife amayi tikutsatira. Amayi anga anamugwira dzanja mlendoyo njira yonse, ndipo sanamusiye ngakhale popukuta misozi. Anyamata aja ankayenda chapambali, akuyang'anabe. Bokosi litatsitsidwa, amayi anapereka timabotolo kwa mkulu wa adzukulu, iye n'kutiyala kumutu kwa bokosi asanayambe kukwirira. Mayi uja anandinong'oneza kuti zotsatira za zoyeza zinali zisanatuluke, ndipo chimene chinkamupweteka n'chakuti abambo apita osamva yankho. Ndinamuuza kuti asadikire chakudya. Galimoto linanyamuka anthu asanasambe m'manja.

Madzulo anthu anabalalika. Mafuwa anatsala okhaokha, phulusa likadali lofunda, ndipo mbuzi zinabwera kudzanyambita pamene panatayikira madeya. Achimwene anakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi amalume, ndipo ndikadutsa ankatembenuza nkhope. Chikwanje cha abambo chinali pamalo pake kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi thumba lawo la mizu. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva amayi akupuma.

Ndinawapatsa madzi akumwa. Milomo yawo inali ikadali yofiirira. Ndinawauza kuti mwayi wake lilime lawo silinaiwale mlombwa, apo ayi tikanaika maliro awiri. Anamwa madziwo pang'onopang'ono, n'kuika kapu pansi.

"Mwanawe, kuyambira tsiku limene abambo ako anatisiya, m'kamwa mwangamu simumva kanthu, ngakhale mchere," anatero. "Chonena ndinachidziwa ndisanatuluke pakhomo."

Kenako anagona pamphasa, pamalo pamene panali bokosi, n'kundiuza kuti nditseke chitseko.