Tsiku Limene Ndinathawa pa Ulonda

Bambo anga ankalemekeza anthu awiri pa dziko lapansi, ndipo ine sindinali m'gulumo. Woyamba anali pulezidenti wa dziko lina la mu Afirika muno, munthu amene anayamba ndi mfuti kutchire n'kudzathera pampando. Wachiwiri anali mwana wawo wamwamuna, mlongo wanga wamng'ono, amene analowa usilikali ngati iwowo.

Pulezidentiyo sanamuonepo ndi maso. Ankangomumvera pa wailesi atakhala pakhonde la nyumba yathu ku Bangwe, kenako n'kumatilalikira zimene amva. Ankati munthuyo amadziwa zimene akunena chifukwa anakwirirapo anzake ndi manja ake. Kwa iwo ndi pulezidenti wawoyo, nkhondo inali ntchito yophweka, yoti aliyense wopsa mtima angaiyambe. Chovuta ndi mtendere, chifukwa umafuna munthu wodzuka tsiku lililonse n'kuima pamalo pake popanda womuombera m'manja. Mawu abwino ndithu. Ine ndinkawamva ndikuchapa zofunda zawo.

Sitiroko inawagwira mayi atamwalira kale, mbali ya kumanzere n'kufa. Mlongo wanga anali ku Congo kosungitsa mtendere. Kwathu mwana wamkazi sasambitsa bambo ake, imeneyo ndi ntchito ya amuna. Koma amuna ake ati? Bambo aang'ono a ku Chirimba anabwera kangapo, kenako msana wawo unayamba kuvuta mwadzidzidzi. Ndinasiya benchi langa la kaunjika ku Limbe n'kutenga beseni. Powasambitsa bambo ndinkawafunditsa chitenje m'chiuno, maso anga kukhoma, manja akugwira ntchito. Amayi apampopi ankanong'onezana ndikamadutsa, koma palibe anatumizapo mwamuna wake.

Mlongo wanga akati akubwera ku tchuthi, nyumba inkatembenuka. Bambo ankafuna ndiwamete ndevu, ndiwasitire malaya, ndiwatsitsire chipewa chawo chausilikali pamsomali, poti msilikali sachita sawatcha mutu uli pamtunda. Munthu amene sankatha kufika kuchimbudzi yekha ankagwira chitseko n'kuimirira, mwendo ukunjenjemera, dzanja lamoyolo lili pachipumi. Ankaitanitsa aneba kuti adzaone mwana wawo. Ine ndinkawira tiyi wa alendowo.

Ndinkachita nsanje, sindibisa. Nsanje yeniyeni, yotentha pachifuwa ngati chilungulira. Mlongo wanga si munthu woipa, ndipo kumene ankagwira ntchitoko anthu ankafadi. Koma iye ankabwera ndi mabisiketi ndi nkhani za ndege, ine ndinkabwera ndi chikho cha mkodzo. Sindinkafuna zambiri. Ndinkangofuna kuti tsiku lina bambo anene ndi pakamwa pawo kuti nanenso ndaima pamalo panga.

M'mawa wina, mlongo wanga ali pa tchuthi, ndinatereka madzi mwa nthawi zonse, koma beseni ndinakaliika pamapazi pake.

"Achimwene, lero ndi inu. Mwamuna wapezeka pakhomo pano."

Asanayankhe, bambo analankhula ali pabedi. "Ameneyo ndi lefutenanti. Ofesala sagwira beseni."

"Nanga ine ndine ndani, adadi?"

"Iwe ndiwe mwana wapakhomo."

Mlongo wanga anangoyang'ana nsapato zake. Ine ndinavala zanga, n'kutuluka, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Sindinatsanzike.

Ku Limbe ndinalibe chochita. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya nditaimirira. Ndinakaona benchi langa lakale, ndinapeza pali mayi wina akugulitsa majuzi a ana, malonda akuyenda bwino. Ndinkaganiza kuti ndipuma, koma mtima unali ku Bangwe. Kodi akudziwa kuti mwendo wakufawo ndi umene umayamba kulowa m'thalauza? Kodi wayesa madzi ndi chigongono? Ndipo pansi pa nkhawa zonsezo panali ina yochititsa manyazi: bwanji ngati aigwira bwino ntchitoyo kuposa ine? Ngakhale beseni lenilenilo sindinkafuna kuti andilande.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Pachingwe panali zofunda zosafinya bwino, madzi akudontha. Mlongo wanga anali atakhala pamwala kuseri kwa nyumba, thalauza lonyowa mpaka m'mawondo, maso ali psuu.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "zimenezi mumazitha bwanji tsiku ndi tsiku?"

Funsolo linali labwino, kungoti linachokera pakamwa pa iye, osati pa bambo.

Bambo anali pakhonde, wailesi ili pamiyendo. Anali atasamba ndithu. Mabatani a malaya anali osemphana, ndipo pachibwano panali kabala ka lezala. Anazimitsa wailesi n'kundiitana ndi chala. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Unali kuti?"

"Ku Limbe."

"Anakumasula ndani?" Mawu awo anali olemera chifukwa cha matenda, koma ukali unali womwe uja wa ku baraki. "Msilikali sachoka pa ulonda wamkulu wake asanamumasule. Kukanakhala kunkhondo, bwenzi atakuwombera."

Mawondo anga anali akadali pasimenti. Zaka zonsezo ndinkadikira kuti andiwerengere m'gulu la asilikali awo, ndipo tsiku limene anatero linali loti andiuze kuti ndine woyenera chipolopolo. Chopusa n'chakuti mtima wanga unalumpha pang'ono ndi chimwemwe. Misozi inabwera, ya mkwiyo ndi ya chinthu china chimene mpaka lero sindichidziwa dzina.

Kenako mlongo wanga anatulukira kuseri kuja akupukuta manja. Nkhope ya bambo inamasuka. Anamugwira dzanja n'kulisisita ndi chala chachikulu, monga ankachitira tili ana tikadwala malungo.

"Wagwira ntchito lero, mwana wanga," anatero. "Zikomo."

Tchuthi chitatha mlongo wanga anabwerera ku ntchito yake, aneba akumuperekeza mpaka pa siteji. Ine sindinapite nawo, madzi anali pamoto.