Mbewu yopanda utoto yapita kuchigayo

Sabata ino ndikulemba nkhope ili pansi, awerengi anga.

Mlongo wanga Esinati amalima ku Guilleme, ndipo kaufiti wamusaukitsa. Chimanga chimangopinimbira, munda n'kufiira ndi maluwa. Ndiye mwezi watha pa boma bambo wina anandionetsa kapaketi ka ufa wotuwa kochokera kutsidya kwa malire. Akuti muli tinkhungu tamoyo tosaoneka ndi maso. Ukapaka mbewu n'kubzala, timadwalitsa kaufiti yekha. Ine wolemba m'nyuzi ine, ndinagula osafunsa ngakhale dzina lake, n'kukapatsa mlongo wangayo.

"Achimwene, si poizoni ameneyu?" anafunsa Esinati.

"Iyayi, ndi zachilengedwe izi," ndinayankha motumbwa. Basi anapaka mbewu yake n'kubzala.

Lachiwiri ndinapita kukaona mmera. Ndinamupeza akuyanika ufa pamphasa. Mbewu yake yamakolo yopakidwa ija inatsala lichero lathunthu, ndiye anaikhuthulira m'thumba la chimanga chodya, ulendo wa kuchigayo. Thumbalo ndi lomaliza m'nyumbamo, ndipo mondokwa akadali kutali.

Musafulumire kumunena. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mbewu yofiira kapena yobiriwira ya m'sitolo sadya. Utoto ndiwo umatichenjeza. Nanga yopanda utoto, imene mlongo wake wopita kusukulu wanena kuti ndi yachilengedwe, angaiope bwanji?

Mawu oti zachilengedwe amenewa atigoneka tulo. Kodi bowa wakupha uja si wachilengedwe? Nanga chuku cha pa mtedza wovunda?

Sindikunyoza njirayi. Akatswiri akuifufuza, ndipo mwina idzatiombola kwa kaufiti. Koma iwo amayamba ayesa ngati tinkhunguto sitigwira fodya, mtedza wa mnansi kapena munthu. Za m'paketi yopanda dzina anayesa ndani? Komanso chamoyo chimaswana. Ukachithira m'nthaka sungachiitane kuti chibwerere. Komabe ife timalandira chilichonse chodutsa pamalire, bola wogulitsa akhale wakamwa lotsekemera.

Ndinathamangira ku boma kukafuna bambo uja. Pamalo pake pali mayi wogulitsa tomato, ndipo sanamumvepo. Alangizi a zaulimi ati sangalankhule za chinthu chimene sanachione, ndipo paketi ana anakolezera moto.

Nditabwerera, Esinati sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoloza mphasa, ana ake ataizungulira akupirikitsa nkhuku.

"Tsono achimwene, tidye kapena titaye?"

Ine amene ndimakuyankhani mafunso sabata ndi sabata, ndinangoyang'ana nsapato zanga.