Mitengo Inayi Pakati pa Nandolo

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Ogasiti, patangotha masabata atatu tiikire maliro a mkazi wanga. Anali apolisi awiri pa njinga yamoto imodzi. Anaodira ngati alendo, kenako anati ndiwaperekeze kumunda wa kuseri kwa nyumba. Pakati pa nandolo panali mitengo inayi ya chamba. Sanavutike kuifuna, wina anali atawalozera kale.

Ndinkaidziwa. Anaidzala apongozi anga, mayi a mkazi wanga, khansa ya mwana wawoyo itafika poti mapiritsi a kuchipatala sankathetsanso ululu. Iwo anamva pa wailesi kuti boma lavomereza chamba cha mankhwala, ndipo anangoti basi, njira yatseguka. Ine ndinapita kukoleji. Ndinkadziwa kuti wopanda laisensi akalima ngakhale mtengo umodzi, ndi mlandu wolowa nawo kundende. Koma masambawo akawiritsidwa, mkazi wanga ankapeza tulo. Ndinakhala chete. Atamwalira, miyendo inakana kupita kumundako kukaizula.

Kupolisi anandivula lamba ndi nsapato. Wondifunsa anali bambo wa imvi, wolankhula mosathamanga.

"Aphunzitsi, kwanu n'kuti?"

"Ku Jenala."

"Ndiye ku Nkhulambe ndinu mkamwini. Mkamwini anakhalapo ndi munda liti? Chanu kumeneko ndi khasu basi. Tchulani mwini munda, madzulo ano mukagona pamphasa yanu."

Nthawi imeneyo mwana wanga wa zaka ziwiri anali kumsana kwa mwini mundayo. Panalibenso wina woti amubereke.

"Munda ndi wanga. Ndinadzala ndine."

Anandifunsa katatu tsikulo, kawiri Lachitatu. Pofunsa komaliza khofi linatera, khutu langa la kumanzere linasiya kumva bwino. Linatseguka patapita mwezi.

Ndinakhala m'chitokosi masiku asanu ndi anayi. Tinkagona cham'mbali, kutembenuka onse pamodzi. Za ndowa ya pakona sindilemba. Wapolisi wina wotsegula chitseko ankandiseka: "Anzanu akukana milandu yawo, inu mukukanirira wa eni. Kukoleji munkaphunzira chimenechi?"

Lachinayi la sabata yotsatira ndinavomera mlandu kukhoti. Woweruza anaona makalata a kuchipatala a mkazi wanga, nanena kuti matenda safafaniza lamulo, koma poti aka kanali koyamba ndipo sindinkagulitsa, sinditsekeredwa pokhapokha nditapalamulanso. Mitengo ija analamula kuti itenthedwe. Nditalandira lamba, ndinapeza kuti ndikufunika kuboola bowo lina. Ndinatuluka, dzuwa likundilasa m'maso, palibe wondiuza poima. Ndinazindikira kuti ufulu ndi chinthu chaching'ono: kuyenda kulowera komwe kuli mwana wako.

Kumudzi ndinkayembekezera mwambo wondisudzula, kuti ndibwerere ku Jenala, mwana atsale kuchikazi monga zimakhalira. Ndinali nditavomera kale mumtima.

Apongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso. Nditafika, apongozi anga anakhala pansi chapatali, atapenya kumbali, namasula mwana kumsana. Mwanayo anathamangira kwa ine.

"Mwabwerako, bambo?"

"Ndabwerako, mayi."

Anakonza mpango kumutu.

"Amalume ake a mwanayu ndawauza, za kusudzula aiwale. Tamva kuti mwauza boma kuti munda ndi wanu. Ife sitingatsutsane ndi boma. Nandolo zanu zauma, zikuthetheka. Mawa mukathyole."

Ndinakathyola.